Matabwa, Nsalu ndi Mafuta a Nsatsi: Masiku Asanu Pakati pa Ndege Zakale ku England

Lachitatu, London

Ulendo tayambira ku Science Museum, ku South Kensington. Pakhomo salipiritsa, koma tikiti itengeretuni pa intaneti, apo ayi muima pamzere. Ndege zili m'chipinda cham'mwamba, zina zolendewera kudenga, zina pansi pafupi moti munthu angathe kuwerenga mitu ya mabawuti.

Pali chifanizo cha ndege ya Wilbur ndi Orville Wright, yoyamba kuuluka ndi injini. Yeniyeniyo inakhala m'nyumba muno kuyambira 1928 mpaka 1948, kenako inabwerera kwawo ku America. Ambiri amadziwa tsiku lake, 17 Disembala 1903, ndi kuti ulendo woyamba unali wa masekondi 12, mtunda wa mamita 37. Koma chofunika kuyang'anitsitsa ndi matcheni. Injini ndi imodzi, ya 12 horsepower basi, pamene mapulopela ndi awiri, kumbuyo kwa mapiko, ndipo amakokedwa ndi matcheni onga a njinga, paja eni akewo anali amisiri a njinga ku Dayton. Tcheni chimodzi anachipingasa ngati nambala 8 kuti pulopela ina izizungulira chakumanja, inayo chakumanzere. Zikanazungulira mbali imodzi zonse, ndege ikanamapendekera kumodzi, ndipo injini yochepa chonchi sikanakhala ndi mphamvu yotsala yolimbana nazo.

Nkhani ya mphamvu yotsalayi tikumana nayo tsiku lililonse pa ulendo uno. Ndege zoyambirira zinali ndi mphamvu yongokwanira kunyamuka. Kamphepo kakawonjezeka, kukatentha, katundu akapitirira pang'ono, nsalu ikanyowa, zinthu zimathera pomwepo.

Chachikulu m'chipindamu ndi Vickers Vimy ya John Alcock ndi Arthur Whitten Brown, yomwe inadumpha nyanja ya Atlantic osatera paliponse pa 14 ndi 15 Juni 1919, kuchokera ku St John's, Newfoundland, kukafika ku Clifden, Ireland: makilomita oposa 3,000 m'maola pafupifupi 16. Mapiko ake ndi a mamita pafupifupi 21 kuchokera nsonga ina kufika ina. Mainjini ndi awiri, Rolls-Royce Eagle VIII, a 360 horsepower iliyonse, ndipo inanyamula petulo wa malita pafupifupi 3,900. Anthu awiriwo anakhala mogundana mapewa pa benchi imodzi, mitu ili pamtetete.

Zomwe zinawonongeka m'njira n'zophunzitsa. Jenereta yomwe inkazunguliridwa ndi mphepo inafa atangonyamuka, wailesi n'kuzima. Paipi ya utsi inaphulika, phokoso lake osamvananso. Choopsa kwambiri chinali mtambo. Mumtambo maso saona pomwe dziko lathera, ndipo khutu lam'kati limanamiza munthu kuti ali chilili pamene ndege yapendekeka kale. Zida zosonyeza kupendekeka kunalibe. Ndegeyo inazungulira chotsika mpaka kutulukira pansi pa mtambo pafupi ndi madzi, m'pamene Alcock anaiwongola. Potera anaona malo obiriwira osalala n'kuyesa ndi bwalo la udzu, koma linali dambo. Mawilo anatitimira, mphuno n'kubaya pansi. Mphotho ya mapaundi 10,000 ya nyuzipepala ya Daily Mail anailandirabe.

Chapafupi pali Jason, ka Gipsy Moth ka Amy Johnson, komwe kanachoka ku Croydon pa 5 Meyi 1930 n'kufika ku Darwin, Australia, pa 24 Meyi. Thanki ya petulo ili pakati pa phiko lam'mwamba, pamwamba pa injini, kuti mafuta azingotsika okha. 

Lachinayi, Brooklands

Sitima yochokera ku Waterloo imatsitsa pa Weybridge, kuchoka apo ndi wapansi mphindi makumi awiri. Brooklands inatsegulidwa mu 1907 ngati bwalo la mpikisano wa magalimoto, ndipo zidutswa za msewu wake wakonkire wopendekeka zikadalipo, zitamera ndere. Pakati pa bwalolo m'pomwe panamera ntchito ya ndege. Kanyumba komwe ankagulitsiramo matikiti okwerera ndege mu 1911 kaliponso, kakang'ono ngati kaokala.

Pa 4 Febuluwale 1920 pananyamuka pano Vimy ina, yotchedwa Silver Queen, ndi Pierre van Ryneveld ndi Quintin Brand a ku South Africa, kulinga ku Cape Town. Inawonongeka m'mbali mwa mtsinje wa Nile, chakumalire a Egypt ndi Sudan. Anapatsidwa ina, Silver Queen II, yomwe inadutsa m'dziko lomwe lero ndi Zambia, kutera ku Livingstone, n'kufika ku Bulawayo. Kumeneko inalephera kukwera ponyamuka n'kugwa. Ulendowo anaumalizira m'ndege yachitatu, DH.9 yotchedwa Voortrekker, ndipo anafika pa 20 Malichi.

Chinagwetsa ndege ku Bulawayo tingathe kuchiwerengera papepala. Injini yopanda chopopera mpweya imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 aliwonse okwera, chifukwa mpweya umapepuka ndipo silinda imameza wochepa. Bulawayo ili pa mamita pafupifupi 1,350. Kutentha kumapepulanso mpweya: tsiku la madigiri 30 pamalo okwera chonchi, ndege imamva ngati ili pa mamita oposa 2,000. Ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu lapita injini isanalire n'komwe. Pulopela nayo ikupalasa mpweya wopepuka womwewo, mapiko akufuna liwiro lochuluka kuti anyamule kulemera komweko, ndipo mathanki adzazidwa. Ndege yotere imatha kudzuka pang'ono, popeza pafupi ndi nthaka phiko limathandizidwa, koma ikati ikwere imakana. Woyendetsa akakoka ndodo yowongolera mokakamiza, phiko limasiya kunyamula.

Vuto lomweli ndi limene linabala VC10, ndege ya jeti yonyamula anthu, yomwe inapangidwa pompano n'kuuluka koyamba pa 29 Juni 1962. Anaipangira mabwalo otentha, okwera ndi aafupi monga Nairobi. Mainjini onse anayi anawaika kumchira kuti phiko likhale lopanda chotchinga, lonse ligwire ntchito yonyamula. Yomwe yaima panja pano inali ya Sultan wa ku Oman, koma inayambira ku British United Airways pamodzi ndi inzake yomwe Air Malawi inagula mu 1974, 7Q-YKH, ija inkapita ku Gatwick kuchokera ku Chileka. Amene anakulira ku Blantyre zaka zimenezo phokoso lake akulikumbuka.

M'shedi muli Wellington, ndege yoponya mabomba, yomwe inagwera m'nyanja ya Loch Ness pa 31 Disembala 1940 n'kuvuulidwa mu 1985. Mbali ina anaisiya yosakuta kuti muone mafupa ake a aluminiyamu, olukanalukana ngati dengu, nzeru za injiniya Barnes Wallis. Chipolopolo chikadula nthambi imodzi, katundu amadzera m'zinzake.

Lachisanu, Old Warden

Kuchoka ku London ndi sitima mpaka Biggleswade, ku Bedfordshire, kenako takisi makilomita ochepa kudutsa m'minda. Shuttleworth Collection imasiyana ndi malo ena pa chinthu chimodzi: ndege zake zimauluka. Anayambitsa ndi Richard Shuttleworth, yemwe anafa pa ngozi ya ndege mu Ogasiti 1940, ndipo mayi ake, Dorothy, anakhazikitsa bungwe losunga katunduyu mu 1944. Pansi pa injini iliyonse pali thireyi yolandira madontho a oyilo. Ndege yomwe sikudontha muno ndiye kuti yakhutulidwa.

Lero n'la m'mashedi, ndipo apa m'pomwe kalipentala kapena telala angamve kuti ali kwawo.

Mtanda waukulu wa phiko amapanga ndi thabwa la spruce, lopepuka koma lolimba. Pomwe pafunika kupinda kapena kulandira nkhonya, monga mitanda ya thupi ndi chokwawira cha kumchira, amaika ash. Si thabwa lililonse. Mizere ya zaka ikhale isanu ndi umodzi kapena kuposa pa inchi imodzi, ndipo ulusi wa thabwa usapatuke kuposa inchi imodzi pa mainchi 15. Chomwe amisiri amaopa kwambiri ndi kamzere kopingasa ulusi, koonda ngati tsitsi, komwe kamabwera mtengo ukagwa moipa podula kapena nsonga ya phiko ikagunda pansi. Ulusi umakhala utathyoka m'kati, kunja kukuoneka bwinobwino. Amakafufuza pounika ndi tochi chogoneka, kuwala kukudzera m'mbali. Kakapezeka, mtandawo watha ntchito.

Polumikiza matabwa awiri sagundanitsa mitu. Amasema mbali zonse mopendeketsa, kutalika kwa posemapo kukhale ka 12 mpaka ka 15 kuyerekeza ndi kuchindikala kwa thabwa. Mtanda wochindikala mamilimita 20 ufuna posema pa masentimita 24 mpaka 30. Amamaliza ndi puleni yakuthwa, osati sandipepa, popeza fumbi limatseka timabowo ta thabwa, guluu osalowa.

Guluu wakale, casein, ankachokera ku mkaka. Pouma amagwira zolimba, koma chinyezi chikalowa amaola n'kumera nkhungu. Ndege zamatabwa zomwe zinatumizidwa kumayiko a mvula ndi kutentha zinavutika nazo. Woyendera ndege yakale amayamba ndi mphuno: akatsegula kachitseko ka phiko n'kumva fungo la chuku, amadziwa kuti pali ntchito. Kenako amayesa kulowetsa kachitsulo kopyapyala pamzere wa guluu. Kakalowa, palekana.

Nsalu ndi linen wa ku Ireland. Amaiyala pa phiko, kuikoka pang'ono chabe, n'kuisokerera ku nthiti iliyonse ndi singano yaitali yodutsa phiko lonse, mfundo iliyonse yomangidwa payokha kuti ulusi ukaduka pamodzi zisamasuke zonse. Kumbuyo kwa pulopela, komwe mphepo imakwapula, mfundo zimayandikana kwambiri. Chifukwa chake n'chakuti phiko limanyamula makamaka ndi pamwamba pake, pomwe mpweya umakoka nsalu kuti ichoke pa nthiti. Ikatukuka ngati baluni, maonekedwe a phiko asintha.

Akatha kusoka amapaka dope, mankhwala omwe amakoka nsalu mpaka ilire ngati ng'oma. Woyamba amamupaka ndi burashi kuti alowe mu ulusi. Pamzere wa mfundo amamatapo timalamba ta nsalu tokhala ndi mano m'mbali kuti tisasosoke. Pamwamba pamabwera wosakaniza ndi ufa wa aluminiyamu, wotchinga dzuwa, popeza dzuwa ndi lomwe limadya linen. Mukapaka tsiku lachinyezi, mankhwala pouma amazizira n'kukoka madzi a mumpweya, ndipo pamatuluka mbuu ngati mkaka. Kupaka wochuluka n'kolakwanso: nsalu imakokabe mpaka kupinda nthiti. Dope wa nitrate amayaka ngati udzu wa mu Okutobala. Pomaliza, pansi pa phiko chakumbuyo amaboola timabowo totulutsira madzi. Tikatsekeka ndi penti kapena matope, madzi amakhala m'kati n'kuyamba pa guluu uja.

Ndiye mawaya. Pa ndege ya mapiko awiri, mawaya ochokera pansi pa thupi kukwera chakunja ndi omwe amanyamula ndege ili m'mwamba. Opingasana nawo amagwira mapiko ndege ili pansi. Waya aliyense ali ndi chokungira chake, chomwe akamaliza amachimanga ndi kawaya kuti chisazungulire chokha. Mmisiri amaimika ndege mowongoka pa timipando, n'kuyeza ndi chingwe cha mwala ndi levulo. Kukunga waya mmodzi kumamasula wina, choncho ntchitoyi imadya masiku. Phiko limodzi likapotoka ndi theka la digiri, woyendetsa adzabwera akudandaula kuti mkono watopa ndi kugwira ndodo kumbali.

M'shedi ina muli DH.88 Comet yofiira, Grosvenor House, yomwe inapambana mpikisano wochokera ku Mildenhall kukafika ku Melbourne mu 1934, m'maola pafupifupi 71. Nayo ndi yamatabwa, ngakhale ukaiona ungalumbire kuti ndi chitsulo.

Loweruka, Old Warden

Lero ndi tsiku louluka, ndipo fungo lafika msanga kuposa phokoso. Aliyense amene anakulira kumudzi angalizindikire: mafuta a nsatsi akupsa.

Ndege zambiri za nkhondo yoyamba, monga Sopwith Pup ndi Avro 504K zomwe zili pano, zili ndi injini yomwe imazungulira yonse. Shafiti yapakati ndi yomangiriridwa ku ndege, siyenda. Masilinda ndi omwe amazungulira pamodzi ndi pulopela, ka 1,200 pa mphindi kapena chapomwepo. Ubwino wake, injini imadziziziritsa yokha ngakhale ndege ili chiimire, choncho sifuna rediyeta kapena madzi, ndipo imapepuka. Masilinda amakhala 7 kapena 9, nambala yosagawika pawiri, kuti moto uzidumpha imodzi nthawi zonse: 1, 3, 5, 7, 9, 2, 4, 6, 8.

Petulo ndi mpweya zimalowera m'bowo la shafiti ija n'kudzera m'mimba mwa injini, momwenso mumadutsa oyilo. Oyilo wamba akanasungunuka mu petulo n'kutsukika. Mafuta a nsatsi sasakanikirana ndi petulo motero, ndipo amapirira kutentha. Koma injini yozungulira ilibe posungira oyilo, ndiye mafutawo amangodutsa kamodzi n'kutulukira ku utsi, malita angapo pa ola, kuthera pa nsalu, pa magalasi ndi kumaso kwa woyendetsa. Nsalu ya m'khosi ija sinali yodzikongoletsera: ankapukutira magalasi, komanso inkateteza khosi kuti lisanyuke potembenukatembenuka. Zoti mafutawo ankawatsegula m'mimba zimakambidwa kwambiri, ndipo amene anamwetsedwapo ali mwana sangatsutse. Kuipa kwake kwina, akakhalitsa amauma ngati ulimbo, mavavu n'kumatirira. Injini yomwe yagona miyezi imafuna kutsukidwa isanalizidwe.

Kuliza kwake kuli ndi ndondomeko. Mawilo amawapinga ndi zipika za zingwe, popeza mabuleki palibe. Switchi ili yozimitsa, makaniko amazunguliza pulopela ndi manja pang'onopang'ono. Akufuna kumva ngati oyilo wadzadza m'masilinda apansi, chifukwa oyilo safinyika, ndipo injini ikalira ali momwemo ndodo ya pisitoni imapindika. Akamva kulimba amachotsa pulagi n'kukhutula. Kenako amathira petulo pang'ono m'silinda iliyonse. Anthu ena amagwira mchira. Makaniko amafuula, woyendetsa amayankha mawu omwewo n'kutsegula switchi, ndipo makaniko amagwetsa pulopela ndi zikhato, zala zisanakolowekedwe kuseri kwake, thupi likubwerera m'mbuyo. Injini ikabwezera, zala zokolowekedwa zimathyoka. Pa mainjini aakulu ali ndi galimoto ya Ford Model T yokhala ndi mtanda wozungulira womwe amaulumikiza pamphuno ya pulopela, yotchedwa Hucks starter.

Ikalira, woyendetsa ali ndi timahandulo tiwiri, ka mpweya ndi ka petulo, ndipo amatilinganiza ndi khutu. Petulo akachuluka, utsi wakuda ndipo injini imatsamwa. Akachepa imazima. Mainjini amenewa sadziwa kulira pang'onopang'ono, choncho pa ndodo pali kabatani kodula moto. N'chifukwa chake ndege ikamatera mumamva brrp, zii, brrp, zii. Kabataniko kakagwiridwa nthawi yaitali, petulo amangotulukabe wosapsa, mapulagi amanyowa, ndipo pokasiya injini imatha kukana kapena moto kubuka m'chivundikiro. Kulemera kozungulira kuja kumachitanso ngati nguli: ndege ikakhotera kumanja mphuno imagwa, ikakhotera kumanzere imadzuka. Sopwith Camel inapha ophunzira ambiri pa chifukwa chimenechi.

Zakale zenizeni amazitulutsa dzuwa likamalowa, ndipo pokhapokha kansalu kosonyeza mphepo katagwa pansi osagwedezeka. Tadikira mpaka cha m'ma 8 koloko, kunja kukuwalabe monga kumachitira kuno nyengo yotentha. Mphepo itagona anakankha Blériot XI ya mu 1909, ndege yakale kuposa zonse zomwe zikuulukabe padziko. Mtundu womwewu ndi umene Louis Blériot anawolokera nawo kuchokera kufupi ndi Calais kukatera ku Dover pa 25 Julayi 1909, mphindi zosakwana 40, n'kuthyola pulopela ndi miyendo potera. Injini ndi Anzani ya masilinda atatu, 25 horsepower. Theka la thupi lake ndi mafupa okhaokha, mumaona mitengo ya tsidya lina kudzera m'kati. Ilibe tizitseko ta kumapiko: popendeketsa, mawaya amapotoza phiko lonse, njira yomwe imayankha mochedwa ndipo kamphepo kakang'ono kamaigonjetsa. Yathamanga pa udzu, mchira n'kudzuka, mawilo onga a njinga n'kusiya nthaka mamita ochepa, yapita molunjika, yatera bwalo lisanathe. Sakuikhotetsa. Blackburn Monoplane ya mu 1912, ya injini yozungulira ya Gnome ya 50 horsepower, ndiyo yazungulira bwalo lonse, pang'onopang'ono moti khwangwala akanaipitirira.

Lamulungu, Southampton

Solent Sky ndi nyumba yaing'ono pafupi ndi doko, ndipo pafupifupi yonse yadzazidwa ndi ndege imodzi yotera pamadzi, Short Sandringham yotchedwa Beachcomber. Inapangidwa mu 1943 ngati Sunderland yankhondo, pambuyo pake n'kusinthidwa kukhala yonyamula anthu. Amalola kulowa. M'kati muli zipinda, masitepe okwera m'mwamba, ndi pansi pokhala ngati pa boti. Spitfire yankhondo ndi Supermarine S.6A yampikisano, zonse zokonzedwa ndi injiniya R. J. Mitchell, zabisala pansi pa mapiko ake ngati anapiye.

Kuchokera padoko lino, ndege za kampani ya ku Britain ya BOAC za mtundu wa Short Solent, za mainjini anayi a Bristol Hercules, zinkapita ku Vaal Dam kufupi ndi Johannesburg, kudzera ku Augusta ku Sicily, ku Egypt, ku Khartoum, Port Bell pa nyanja ya Victoria, ndi pa Zambezi kumtunda kwa mathithi a Victoria. Mu 1949 ndi 1950 zina zinkatera ku Cape Maclear. Aliyense wodziwa gombe la Chembe angaone chomwe anakonderapo: mapiri a Nankumba amatchinga mwera, zilumba za Thumbi ndi Domwe zikudula mafunde.

Gwadani muyang'ane pansi pa thupi lake. Chapakati pali sitepe, pomwe mimba imadukira mwadzidzidzi. Ponyamuka, ndege imayamba kukankha madzi ngati boti, mphuno m'mwamba, mainjini akulira ndi mphamvu zonse koma liwiro likukana. Ikapyola pamenepo imakwera n'kuyamba kutsetsereka pamwamba pa madzi, ndipo sitepe ija imalowetsa mpweya kunsi kwa theka lakumbuyo kuti madzi alisiye. Popanda iyo madzi amayamwa thupi osalitaya. Mphuno ikakhala pansi kapena m'mwamba mopitirira, ndege imayamba kujowajowa, kulumpha kulikonse kukuposa kwam'mbuyo, ndipo mankhwala ake ndi kutseka mainjini n'kuyambiranso.

Madzi a bata ngati galasi, omwe apaulendo amasangalala nawo, oyendetsa ankadana nawo. Ponyamuka amamatirira, moti boti linkayamba ladutsadutsa kuti liwavundule. Potera diso silidziwa pomwe madzi ayambira, choncho woyendetsa ankaika mphuno pamlingo umodzi, kutsika pang'onopang'ono ndi mainjini akulira, n'kudikira kumva kukhudza. Boti lomwelo linkayendera njira yonse kuchotsa zipika, mabwato ndi mvuu, popeza chipika chimodzi pa liwiro limenelo chimang'amba mimba. Ikatera ilibe mabuleki, ndipo mphepo imaitembenuza kuti iyang'ane komwe ikuchokera. Ankawongolera ndi mainjini akunja, kuponya m'madzi zidebe zansalu zokoka, wina ataima pa kachitseko ka kumphuno ndi ngowe kuti akole chingwe cha boya. Usiku uliwonse ankapopa madzi olowera m'mizere ya marivet, ndipo kumadzi amchere aluminiyamu ankadyeka.

Malo aliwonse oterapo ankafuna maboti, antchito ake, mafuta ndi hotela. Nkhondo yachiwiri inasiya mabwalo aatali akonkire m'mayiko ambiri, ndipo ndege yamawilo, yopanda mimba yolemera ya boti, inkathamanga kwambiri pa mafuta ochepa. BOAC inaimitsa ma Solent mu Novembala 1950, njira ya ku Johannesburg n'kupatsidwa Handley Page Hermes, yotera pamtunda. Cape Maclear inali itawalandira kwa chaka chimodzi chokha.